Kaiser Akadabadwira ku Chiringa

Aliyense amene anakhalapo pansi pa mtengo wa bwalo tsiku lokamba mlandu wa ufumu, kaya n'ku Chiringa kwa Mfumu Nazombe, kaya n'kwina kulikonse m'chigwa cha Phalombe, adziwa kuti masiku ano mlandu wotere sufika madzulo wina asanatulutse pepala m'thumba la jekete. Ndipo pepalalo, limene kawirikawiri limakhala tsamba lozulidwa pakati pa kope la sukulu, limakhala ndi dzina la mwamuna mmodzi pamwamba penipeni, mizere n'kumatsika kuchokera pa iye kunka kwa ana ake ndi adzukulu ake, monga momwe Azungu amajambulira mibadwo ya mafumu awo. Anthu amalilandira ndi manja awiri, pakuti cholembedwa chili ndi ulemerero wake pakati pa ife. Koma amayi okalamba amene akhala chakumbuyo, miyendo ili tambalale, amangoyang'anizana osanena kanthu, chifukwa mayina a amayi awo ndi agogo awo pa pepalapo palibe, chikhalirecho ufumu umene ukulimbiranidwawo unadzera m'mimba mwa amayi omwewo.

Ndinene poyambirira pomwe kuti ine ndili m'gulu la iwo amene akufuna kuti mibadwo ya mafumu athu ilembedwe, ndiponso ilembedwe msanga, okalamba odziwa asanatsikire kulichete. Chimene ndikana ndicho kubwereka kalembedwe ka eni ake, kamene kanakonzedwera mafumu olowa ufumu wa atate awo, n'kukaumiriza pa anthu amene ufumu wawo umatsata bere. Ndipo kuti kusiyana kwa njira ziwirizi kuonekere poyera, nditenga mfumu ya kutali, imene makolo ake analembedwa osasiyako ndi mmodzi yemwe, ndiyo Wilhelm II, mfumu ya Prussia ndiponso Kaiser wa Germany, amene nkhondo yake inafika mpaka pa makomo a agogo athu.

Wilhelm anabadwira ku Berlin pa 27 Januwale 1859, m'banja lotchedwa Hohenzollern, limene linatenga dzina lake ku linga lomangidwa pamwamba pa phiri kummwera kwa Germany, ndipo limayamba kutchulidwa m'zolembedwa za chaka cha 1061, eni ake akali mafumu aang'ono a kachigawo kamodzi. Mmodzi wa iwo, Friedrich wa ku Nuremberg, anapatsidwa dziko la Brandenburg mu 1415. Friedrich wina, wa mzere womwewo, anadziveka yekha chisoti chachifumu ku Königsberg mu 1701. Agogo ake a Wilhelm, Wilhelm I, analengezedwa kukhala Kaiser wa Germany yense mu 1871. Ndipo atate ake, Friedrich III, atalamulira masiku 99 okha m'chaka cha 1888, anamwalira ndi nthenda ya kukhosi, nasiyira mpando mwana wawo wa zaka 29. Kuyambira 1415 kufikira 1918 wokhala pa mpandowo anali mwamuna wobadwa mwa mwamuna wa banjalo; mfumu ikafa yopanda mwana, monga anafera Friedrich II mu 1786, ankatenga mwana wa mng'ono wake, wa mlongo wake ayi. Mwambo umenewu unali wolimba m'maiko a Ajeremani kotero kuti Victoria atalowa ufumu wa Britain mu 1837, dziko la Hanover, limene kwa zaka zoposa 120 linali pansi pa mfumu imodzi ndi Britain, linapatuka n'kutenga mng'ono wa atate ake, popanda chifukwa china koma chakuti iye anali mkazi.

Tsono tiyeni timutenge Wilhelm yemweyo, timukhazike pa mkeka ku Chiringa, tiitane amayi a mbumba kuti atiuze kuti munthuyu ndi wa kwa yani. Iwo sadzafunsa za Hohenzollern, pakuti kumeneko n'kuchimuna, kumene munthu amangopitako kukacheza ndi kukakhuza maliro. Adzafunsa kuti anayamwa bere la yani. Mayi ake anali Victoria, mwana wachisamba wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain, wobadwa mu 1840. Ndiye kuti Wilhelm anali mwana wamwamuna woyamba wa bere lalikulu, ndipo Edward VII, amene analowa ufumu wa Britain mu 1901, anali malume ake enieni. Edward atamwalira mu 1910, amayi a kwathu sakadagona nawo mlanduwo: dzina likadagwera Wilhelm, mwana wa mlongo wa malemuyo, ndipo George V, amene Angerezi anamuveka ufumu chifukwa anali mwana wa mfumu, akadauzidwa mwaulemu kuti kwawo n'ku Denmark, kumene kunachokera mayi ake Alexandra, ndi kuti mbale wake weniweni ndiye Nicholas II wa ku Russia, popeza amayi awo anali a mimba imodzi. Wilhelm ndi George akadakhala asuweni, oyenera kuseleulana popanda wokwiya. Magazi ndi omwewo, anthu ndi omwewo; yasintha ndi njira yowerengera yokha, koma taonani, ufumu wagwa m'manja ena. Amene amayesa kuti kujambula mibadwo pa pepala ndi ntchito yosakondera, yongolemba zimene zilipo kale, ayambe walingalira zimenezi.

Chibale ndi fupa, sichiola, amatero akuluakulu. Koma chibale cha mafumu amenewa, ngakhale chinali cholembedwa m'mabuku aakulu osungidwa m'nyumba zachifumu, sichinaletse kanthu mu 1914. Wilhelm, amene anali pambali pa agogo ake Victoria pamene ankatsirizika mu Januwale 1901, anamenyana ndi msuweni wake, ndipo nkhondoyo inafika ku Karonga mu Seputembala 1914. Amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwidwa pa ntchito ya mtengatenga, kusenza ufa ndi zipolopolo m'mathengo osawadziwa, ndipo ambiri sanabwerere. John Chilembwe, amene anadandaula poyera za kukhetsedwa kwa mwazi wa anthu ake pa nkhondo ya eni, ndipo pakati pa omutsatira panali Alhomwe ambiri a m'minda ya ku Magomero, anaphedwa pa 3 Febuluwale 1915 akulunjika ku malire a Mozambique, m'boma la Mulanje, limene panthawiyo linkaphatikiza Phalombe. Kumapeto kwa Ogasiti 1918 asilikali a Ajeremani, otsogozedwa ndi von Lettow-Vorbeck, anakumana ndi a King's African Rifles ku Lioma, m'kati mwenimweni mwa dziko la Alhomwe kutsidya kwa malire. George anafika pochita manyazi ndi dzina la makolo ake la Saxe-Coburg and Gotha, nalisintha mu 1917 kukhala Windsor. Wilhelm anathawira ku Netherlands mu Novembala 1918, namwalira komweko mu 1941, mndandanda wa makolo ake uli wathunthu, koma ufumu alibe.

Ndiponso tisayese kuti pepala silinama. Cha m'ma 1358 ndi 1359 Rudolf IV wa banja la Habsburg, wolamulira Austria, ataona kuti nyumba yake yasiyidwa pa gulu la akalonga asanu ndi awiri osankha mfumu ya Germany, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1356, analembetsa makalata abodza opatsa nyumbayo maulemu akuluakulu, mpaka kuikamo ena onamizira kuti analembedwa ndi Julius Caesar ndi Nero. Petrarch, katswiri wa zolembedwa zakale, atafunsidwa maganizo ake, sanachedwe kuona kuti n'zopeka. Koma mu 1453, munthu wa banja lomwelo la Habsburg atakhala pa mpando wa Kaiser, anatsimikiza makalatawo, ndipo bodza lija linasanduka lamulo. Amene anaonapo pepala la munthu mmodzi likuposa mboni khumi chifukwa chakuti ladindidwa chidindo, nkhani imeneyi sangaimve ngati yachilendo.

Kwathu ku Chiringa, kufupi ndi phiri la Michesi ndi malire a Mozambique, nkhani ya mibadwo ili ndi kulemera kwake kwapadera. Ambiri mwa anthu a kuno ndi Alhomwe, amene makolo awo amalozera ku mapiri a Namuli; ndipo ngakhale kuti ena anali kale cha kunyanja ya Chilwa malire asanadulidwe mu 1891, khamu lalikulu linalowa m'dziko lino kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 kufikira m'ma 1930, pothawa msonkho, chibalo ndi chikoti cha Apwitikizi, ndiponso njala. Sanabwere monga anabwerera Angoni, mfumu imodzi ili patsogolo, zishango zili m'manja. Anabwera Amihavani paokha, Amanyawa paokha, Akokhola, Amarenje ndi Atakhwani paokhapaokha, banja lililonse mtolo wake uli pamutu, napempha malo kwa mafumu amene anawapeza, a Chimang'anja ndi a Chiyao, kapena kwa Azungu a minda amene anawalandira ndi thangata. Wotsogolera kagulu, kapena kapitawo amene Mzungu anamukhulupirira, ndiye amene dzina lake linasanduka dzina la mudzi. Manda a agogo anatsala kutsidya; ambiri anatenga mayina atsopano m'minda ndi m'mishoni; chinenero chomwe chinayamba kubisidwa m'nyumba chifukwa cha chitonzo, kufikira Lewis Bandawe ndi anzake anakhazikitsa bungwe lawo mu 1943, nachititsa boma kuleka dzina lija la Anguru limene linkawaphatikiza onse mowanyoza. Chifukwa chake m'midzi yambiri mzere wa ufumu ndi waufupi: mayina anayi, asanu, kenaka nkhungu yokhayokha. Pamenepa palibe chochititsa manyazi, pakuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo mayina anayi oona ndi chuma chokwanira. Choopsa n'chakuti munthu wochita manyazi ndi kufupika kwa mzere wake amayamba kuulumikiza ndi mayina obwereka, monga anachitira Rudolf uja.

Pamwamba pa izi panadza dzanja la boma. Lamulo la atsamunda la 1912 linakhazikitsa mafumu oyang'anira anzawo, ndipo la 1933 linawapatsa makhoti ndi mphamvu zina. Amene analembedwa m'buku la bwanamkubwa anakula, amene sanalembedwe anatsala momwemo. Lamulo la mafumu la 1967, limene tikuyenderabe, limapatsa Pulezidenti mphamvu yoika mfumu, malinga atakhutira kuti munthuyo ndi woyenera monga mwa mwambo ndipo anthu ambiri a m'deralo akumufuna. Pamene Bingu wa Mutharika anayambitsa Mulhako wa Alhomwe mu 2007, nausonkhanitsa ku Chonde m'boma la Mulanje chaka chotsatira, Alhomwe anapezanso mfumu yaikulu ya mtundu wonse, udindo umene unayamba ndi Mkhumba wa ku Phalombe, n'kupita kwa Ngolongoliwa wa ku Thyolo, amene anamwalira mu 2019, n'kubwereranso ku Phalombe kwa Kaduya, amene ndi mayi. Sindikunena izi monyoza, pakuti ngakhale Ajeremani akale ankasankha mfumu yawo pakati pa akalonga, monga anasankhira Heinrich wa ku Saxony mu 919 kulowa m'malo mwa Konrad wa ku Franconia, amene sanali atate ake. Ndingofuna kuti tisasakanize udindo wopatsidwa ndi boma ndi dzina lolowa mwa kubadwa. Pakuti Alhomwe, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi 18.9 peresenti ya Amalawi onse, ndi mavoti ochuluka kwambiri moti andale a mbali iliyonse sangaleke kusuzumira m'nyumba za mafumu awo.

Koma tibwerere kwa amayi a mbumba, pakuti buku lenileni ndi iwowo. Gogo wodziwa akati awerenge mibadwo, amakoka lichero, natola njere imodzi ya nandolo, naiika pa mkeka, nati uyu ndiye mayi amene anawoloka ndi mphika pamutu. M'munsi mwake amaika zitatu: bere lalikulu, lapakati ndi laling'ono. Ana aamuna amawaika pambali pang'ono ndi njere za chimanga, chifukwa iwo angathe kulowa dzina koma sangalipereke kwa ana awo; akamwini sawaika n'komwe, angowatchula mwamsangamsanga monga anthu amene anadzamanga nyumba ndi kulima. Mzere wotere sukwera m'mwamba ngati mtengo wa pa pepala lija. Uyanga ngati dzungu, tsinde lili limodzi koma zibalo zili ponseponse m'munda. Ndipo chimene chimapambana zonse n'chakuti gogoyo sangonena amene analowa dzina, amanenanso amene analumphidwa ndi chifukwa chake: uyu anali wa bere lalikulu koma anali wamowa; uyu anali waukali, sankatha kumvetsera mlandu mpaka kumapeto; uyu anapita ku Wenela nakhala mtchona; uyu amayi anamukana chifukwa sankabwera pa maliro. Makolo a Chilhomwe ankakhazika pambali pa mwene, ndiye kuti mfumu, mayi wamkulu wa fuko, apwiyamwene, woyang'anira nsembe ndi kusankhidwa kwa wolowa dzina. Kubadwa kunkangotsegula khomo, koma wolowetsa munthu anali mbumba.

Masiku ano mwambo umenewu ukupanikizidwa kuchokera mbali zambiri, ndipo zina mwa zoupanikizazo si zoipa mwa izo zokha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linachita bwino kuteteza mkazi ndi ana a malemu kwa achibale olanda. Mwamuna amene walipira sukulu ya ana ake ndi thukuta lake, natenga mkazi wake kukakhala naye kutauni, sangadzudzulidwe akafuna kuti njinga yake ndi nyumba yake ya malata zitsale ndi anawo. Koma ufumu si njinga, ndipo mfumu imene yayamba kuuwerengera pamodzi ndi katundu wake, n'kumakonzeratu mwana wake wobala yekha m'malo mwa mwana wa mlongo wake, yaiwala kuti dzinalo inalibwereka kwa azilongo ake. Onjezanipo mswahala wa mwezi ndi mwezi. Onjezanipo makuponi a feteleza, amene kuyambira 2005 anachititsa midzi yambiri kugawikana kuti mayina achuluke. Onjezanipo lamulo la malo la 2016, limene likufuna kuti minda ya makolo ilembetsedwe. Ndipo mudzamvetsa chifukwa chake dzina limene kale munthu ankalithawa, mpaka kumugwira mokakamiza pa maliro, lero likulimbiranidwa ndi maloya, mudzi n'kukhala zaka wopanda mwini chifukwa cha chiletso cha khoti. Woweruza wa ku Blantyre, ngakhale akhale wanzeru motani, sangakoke lichero. Amagamula ndi zimene zaikidwa pamaso pake, ndipo ngati choikidwacho ndi pepala la mbali imodzi, mbali inayo yapita.

Ndikudziwa kuti alipo akuluakulu amene amakana kulemba konse, ndipo mawu awo ndi oyenera kuwamvera, pakuti mawu a akuluakulu akoma akagonera. Amakumbutsa kuti mtumwi Paulo anachenjeza Timoteo ndi Tito za kukangana pa mibadwo. Amati cholembedwa chimauma, ndipo bere laling'ono, limene mwambo unkalilola kulowa dzina lalikulu likasowa munthu woyenera, lidzatsekeredwa kunja mpaka muyaya. Amatinso m'mabanja mwathu muli zinthu zimene zimanenedwa monong'ona, monga bere limene linayamba ndi mkazi wogwidwa pa nkhondo kapena woperekedwa pa mlandu, ndipo kuzilemba n'kutukula mabala amene anapola kalekale. Zonsezi n'zoona, koma kusalemba sikuletsa mapepala, kumangosiyira ntchitoyo munthu wa jekete uja, amene amalemba ali yekha usiku, mlandu utayamba kale. M'buku lopatulika lomwelo, limene limawerenga mibadwo kudzera mwa atate, Mateyu sanathe kutsiriza mutu wake woyamba osatchula Tamara, Rahabi, Rute ndi mkazi wa Uriya. Nanga ife, amene mwambo wathu umati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, tingalembe bwanji buku la amuna okhaokha? Cholembedwa chathu chiyambe ndi mayi, chionetse mabere onse, chinene amene angathe kusankhidwa, koma chisanene amene ayenera kusankhidwa, pakuti mawu amenewo ndi a mbumba ya tsiku limenelo. Pamene mabere awiri akusimba mosiyana, zonse ziwiri zilembedwe, ndi mayina a osimbawo. Pamene bwalo lagwirizana kuti bere lakutilakuti sililowa dzina, zilembedwe choncho n'kulekera pomwepo, chifukwa chake chitsale m'kamwa mwa eni ake.

Ntchito imeneyi sifuna ndalama za mabungwe akunja. Ifuna kope, cholembera, foni yotha kujambula mawu, ndi mphunzitsi kapena wachinyamata wotsiriza Folomu 4 amene sali wa banja lachifumulo. Ichitike mfumu ikali moyo ndipo mudzi uli pa mtendere, chimanga chitalowa m'nkhokwe, anthu ali ndi mpata wokhala pansi. Amayi afunsidwe poyamba, paokha, mfumu ndi nduna zake kulibe, chifukwa pamaso pa mwini dzina gogo amameza mawu. Kenaka amalume, ndipo mfumu pomalizira. Zolembedwazo ziwerengedwe mokweza pa bwalo kawiri, pa masiku osiyana, chidindo chisanafikepo. Ndipo popeza tinaona mu Malichi 2023 momwe namondwe wa Freddy anakokololera nyumba ndi zonse za m'kati mwake kwa Nkhulambe ndi madera ena a boma lino, kope limodzi silikwanira: lina likhale ndi mayi wamkulu wa mbumba, lina kwa mfumu yaikulu ya dera, lina kwa bwanamkubwa, ndipo lina litumizidwe ku nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino ku Zomba. Pamene mzere wathera pa malire, olembawo asapeke. Atumize uthenga kwa abale a ku Milange ndi ku Gurue kudzera mwa amalonda amene amawoloka pa njinga kudzagulitsa mbewu zawo pa msika, pakuti kumeneko kungathe kupezeka gogo wina wodziwa dzina la amake a mayi amene anawoloka uja.